Malo Amodzi, Ana Awiri a Amake Misozi

Matero, 1975

Ana anga, za ku Katete kumene ndinabadwira ndinakuuzani kale pakamwa mpaka munatopa nazo, choncho pano ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi mu Lusaka ndi sutukesi ya malata ndi satifiketi ya uphunzitsi. Ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale ku Matero. Nthawi imeneyo boma linkagawira ana makope ndi mapensulo, ndipo malipiro a mphunzitsi ankakumana ndi anzake a mwezi wotsatira asanathe. Ahedi anga oyamba anali a Nkhoma, bambo wamfupi, wadazi, wosaseka chisawawa. Pa lipoti la mwana aliyense panali kamzere kolembapo khalidwe lake, ndipo a Nkhoma ankati kamzere kameneko n'koopsa kuposa masamu. Tsiku lina nditalemba kuti mnyamata wina ndi wamwano, anandiitana. "Mayi Zulu," anatero, "mwana akalakwa masamu adzakonza chaka chamawa, koma dzina loipa limam'tsata ngati fungo la nsomba za kapenta pa chitenje. Musalembe muli ndi njala, musalembe mutakwiya, ndipo musalembe musanamve amake." Ine ndi utsikana wanga ndinaona ngati nkhalamba ikungonditalikitsira ntchito. Ndinadzawamvetsa patapita zaka, iwo ali kale m'manda.

Kanyama, 1984

Pamene ankandisamutsira ku Kanyama, mkuwa unali utagwa mtengo ndipo dziko linali litayamba kuthina. Inu amene munakula masitolo ali odzaza simungamvetse. Unga, mafuta ophikira amene tinkati saladi, shuga, sopo, zonse zinkaoneka ngati alendo, lero zabwera, mawa palibe. Ku sukulu ana ankakhala pa miyala ndi pa zitini, choko tinkachithyola pakati kugawana ndi mnzako wa kalasi ina, ndipo mvula ikagwa madzi ankalowa m'kalasi osagogoda. Aphunzitsi tinasanduka ogulitsa zitumbuwa pa nthawi yopuma. Ahedi athu anali a Sakala, munthu wa suti imodzi yofiirira, wokonda alendo kuposa ana, amene akaona galimoto yachilendo pa geti ankathamanga ngati mnyamata.

Panali chizolowezi china chimene aliyense ankachidziwa koma palibe ankachitchula. Mphekesera ikamveka kuti unga wafika ku sitolo ya boma, aphunzitsi ankatulutsa ana m'kalasi kuti akawaimire pa laini. Ine sindinkatuma mwana, osati kuti ndinali woyera mtima kuposa anzanga ayi, koma atate anu ankagwira ntchito pa chigayo chachikulu ku Heavy Industrial Area, ndiye thumba la unga linkatipeza tokha. Anzanga analibe mwayi umenewo, ndipo mwana amene ankadziwa kubwerako msanga ndi thumba anali wamtengo wapatali kwa iwo.

Mwana wotere analipo mmodzi, dzina lake Joisi. Anali woyera khungu, tsitsi lake lofewa lofiirira, maso ngati a mphaka. Amake, amene tonse tinkawatchula kuti amake Misozi, anagwirapo ntchito ya m'nyumba kumayadi kwa mzungu wina womanga misewu. Mzunguyo anakwera ndege ntchito zitayamba kutha, ndipo Joisi anabadwira m'komboni mwathu mwa Kanyama. Ine sindinafunse zambiri, nanunso musafunse. Joisi akafika pa laini ya unga, mlonda wa pa sitolo, wa ndodo, amene ankakwapula azimayi okalamba ankangoti, "Lekani kadona kapite," iye n'kulowa, n'kutuluka ndi thumba, anthu amene anafika tambala asanalire akungoyang'ana. Mkulu wake, Misozi, anali wakuda ngati ine ndi inu, mwana wa malemu a Tembo, mwamuna woyamba wa amake. Anayamba sukulu mochedwa chifukwa cholera mng'ono wakeyo, choncho ankaphunzira kalasi imodzi.

Kanyama, 1987

Atsikana awiriwa anafika m'manja mwanga mu Giredi 7. Ndisanawadziwe ndinawerenga zimene anzanga analemba zaka za m'mbuyo. Joisi: waulemu, wochangamuka, wothandiza, chitsanzo kwa anzake. Misozi: wochedwa, wouma mutu, wa nkhope yolusa. Ndinakonzeka kulimbana ndi Misozi. Koma masabata oyamba okha anandisiya kukamwa kuli yasa. Joisi ankatuluka m'kalasi osapempha, ankatsina tiana ta Giredi 1 n'kutilanda chimanga chokazinga, ndipo tsiku lina anauza mphunzitsi wamwamuna, a Mulenga, kuti nsapato zawo zikuseka. Mwana wina aliyense akanalawa chikoti mpaka kuiwala dzina lake. A Mulenga anangoseka nawo. Nditawafunsa anati, "Ah, Ba Zulu, uja ni muzungu. Ndiye mwamene bakambila bazungu, sibabisa." Misozi ankachedwa, zimenezo n'zoona. Ankayamba watunga madzi, n'kunyamulira amake beseni la tomato kupita ku msika, n'kuimanso pa laini ya unga wa kunyumba kwawo, chifukwa Joisi laini ya kunyumba ankaikana. Pa geti ankalandira zikoti zake osalira, maso ali pansi, ndipo kusalira kumeneko ndi kumene anzanga ankakutcha kuuma mutu. M'kalasi mwanga munalibe mwana wolemba bwino kuposa iye.

Temu yoyamba itatha, amake Misozi anabwera ku sukulu atanyamula malipoti akale a ana onse awiri m'kapepala ka pulasitiki. Anali mayi wamtali, wowonda, wolankhula mosathamanga. Anakhala pansi pafupi ndi tebulo langa, ana ataima kumbuyo kwawo.

"Ba Ticha, ine sininaphunzile, koma bananibelengela ivi," anatero. "Aba bana bonse ninabala ine. Uyu mulemba ati ni wabwino, dzulo ananituka pa msika pamaso pa bantu. Mbale sasuka, ati manja yazaonongeka. Uyu mulemba ati ni woipa, ndiye wamene anigwilila nyumba. Manje imwe muona chani chamene ine siniona?"

Ndinawauza kuti sindine ndinalemba zimenezo, koma sanandisiye.

"Nanga Joisi simumumenya chifukwa chani? Si mwana? Bana ba banzanga mumenya, Misozi mumenya, uyu mumuyopa. Muyembekeza batate bake babwele kuchoka ku Ulaya bazamulange? Mwana wa munzako ni wako. Uyu mwamuika pambali monga mulendo, ndiye mwanionongela."

Ana anga, pa zaka zonse za ntchito yanga makolo ankabwera kudzakangana nane kuti ndamenya mwana wawo kapena ndam'lembera zoipa. Sindinaonepo kholo lina lobwera kudzadandaula kuti mwana wake tam'tamanda. Nditayang'ana Joisi ndinaona kuti sakuseka monga mwa masiku onse, akungokanda khoma ndi chala. Nkhaniyi nditaitengera kwa a Sakala anaseka mpaka kupukuta misozi. "Mayi ameneyo ali ndi nsanje ndi mwana wake yemwe," anatero. "Wa tomato angatiphunzitse ife khalidwe?"

Patangopita masiku ochepa Joisi anatukwana mtsikana mnzake m'kalasi, kumunena kuti ndi wakuda ngati poto. Ndinamuuza kuti agwade kutsogolo ngati mmene ankagwadira ena onse, ndipo akaweruka asese kalasi yekha. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwada. Atamaliza kusesa anabwera ndi tsache m'manja nati, "Ba Ticha, ndimwe boyamba." Sananene mokwiya. Mawa lake ndinamuona akudumpha chingwe pa masewera a waida ndi atsikana amene kale sankamuitana. Koma a Sakala anandiitanira ku ofesi. "Mayi Zulu, inu unga muli nawo kunyumba. Mwana ameneyu akakwiya, anzanuwa adya chiyani?" Ndinatuluka nditamva ndi makutu anga mtengo wa kamzere kaja ka khalidwe.

Kanyama, kumayambiriro kwa 1988

Zotsatira za mayeso zitatuluka, onse awiri anakhoza, Misozi pamwamba, Joisi pakatikati. Kukhoza kunali chinthu china, kupita ku sekondale chinthu chinanso. Yunifolomu, nsapato, bulangete, thiranki, zolipira za kogonera, mayi wa tomato sakanakwanitsa ngakhale za mwana mmodzi. Ndiye kunali gulu la azimayi a tchalitchi china cha kumayadi, ambiri azungu, limene linkasankha mtsikana mmodzi pa sukulu yathu n'kumulipirira zonse ku sukulu yogonera ya masisitere mpaka amalize. Ankafuna mwana wosauka, wokhoza, wa khalidwe labwino, ndipo mphunzitsi wa kalasi ankayenera kusaina kuti khalidwelo waliona ndi maso ake. Chaka chimenecho mayina anatsala awiri, onse a m'nyumba imodzi. Wotsalayo sukulu yake inali ithere pomwepo.

A Sakala anandiuza poyera kuti ndilembe Joisi. "Azungu akamuona amukonda, ndipo akakonda mwana akonda sukulu. Mwina denga la sukulu atikonzera." Ine ndinalemba Misozi, n'kufotokoza chifukwa chake ankachedwa. Amake nawonso ankafuna Misozi. "Joisi khungu izamudyetsa," anandiuza. "Uyu alibe wina womuonela."

Tsiku losankha kunabwera mayi wachizungu wachikulire, wa tsitsi loyera, amene tinkangomutchula kuti Dona. Ndisamunamizire, anali munthu wachifundo, ndipo anayenda m'matope a Kanyama ndi nsapato zake zabwino osadandaula. Tinakhala mu ofesi ya ahedi, ine ndili womasulira chifukwa Dona sankamva Chinyanja ndipo amake Misozi sankamva Chingelezi. Misozi ndiye anayamba kulowa. Anagwada pakhomo pomwe, n'kuyenda chogwada mpaka pafupi ndi mpando, manja pamodzi, maso pansi, monga mwana woleredwa bwino amachitira pamaso pa akulu. Mtima wanga unadzaza. Dona anamufunsa dzina, iye anayankha motsitsa. Anamufunsa chimene akufuna kudzakhala, iye anati nesi, osadzutsa mutu. Ndinaona Dona akuwerama kufunafuna maso a mwanayo, osawapeza, nkhope yake n'kuyamba kusintha. Kenako analowa Joisi, choimirira, n'kupereka dzanja, n'kumuyang'ana Dona m'maso, n'kumufunsa ngati galimoto ili panjayo ndi yake. Dona anaseka mokondwa.

Ndiye anatembenukira kwa amake, nati amuuze za ana awo. Apa ndi pamene zinthu zinaonongekera. Kwathu kholo silitamanda mwana iye ali pomwepo, kuopa kumukuza mutu ndi kumuitanira maso a anthu. Choncho za Misozi, mwana amene ankawagwirira nyumba, amake anangoti, "Uyu ayesako chabe." Koma zolakwa za mwana timazinena kwa wamkulu aliyense, kuti naye athandize kudzudzula. Ndiye za Joisi anamasula thumba lonse: kutukwana, ulesi, kuyenda madzulo ndi anyamata ogulitsa fodya pa siteshoni. Iwo ankaganiza kuti Dona, monga mayi mnzawo wamkulu, amukalipira Joisi pang'ono, n'kuona yekha woyenera kupita.

Ndinamasulira monga ananenera, chifukwa a Sakala ankamva zilankhulo zonse ziwiri ndipo ankandiyang'anitsitsa. Nditayamba kuwonjezera kuti kwathu mawu akuti ayesako ndi chitamando chachikulu, a Sakala anandidula. "Mayi Zulu, inu masulirani chabe."

Dona anali atafiira nkhope. Anafunsa kuti, "Kodi amam'menya mwanayu?"

Ndinawafunsa amake, ndikupemphera mumtima kuti azungulire. Iwo anayankha mosabisa, ngati munthu wonena ntchito yabwino imene wagwira. "Ee, nimamumenya. Nanga kuno sibamumenya, azamulanga ndani?"

M'maso mwa Dona munalengeza misozi. Anamukoka Joisi n'kumukumbatira, nati mwana ameneyu akuzunzidwa m'nyumba ya amake chifukwa cha khungu lake, ndipo ayenera kuchotsedwamo msanga. Ndinaimirira, ulemu wonse ndinauiwala. Ndinamuuza kuti wamva chosemphana, kuti mayiyu amawakonda onse, kuti Misozi ndiye woyamba m'kalasi, kuti kuyang'ana pansi ndi ulemu. Anandimvetsera mofatsa, nandigwira dzanja, nati nayenso anaphunzitsapo ana kwawo ndipo amadziwa kuwerenga nkhope ya mwana. Wamkuluyo, anatero, ali ndi mkwiyo ndipo akubisa kanthu, mwana wosalakwa saopa kukuyang'ana. Apo a Sakala anatsegula kabati n'kutulutsa malipoti akale aja. Aphunzitsi onse a m'mbuyo anali kumbali ya Dona: wouma mutu, wa nkhope yolusa. Ine ndinali ndekha ndi mayi wa tomato. Nthawi yonseyi Misozi anali chigwadire pa simenti, akumva zonse, chifukwa Chingelezi ankachimva kuposa mng'ono wake.

Amake anandikoka chitenje. "Ba Ticha, bakamba chani? Alila chani muzungu?" Ndinawauza. Anagwira pakamwa pawo ndi dzanja. "Nenze kuganiza ni mukulu, azamva," anatero. "Kansi kamwa yanga ndiye yamupha mwana."

Dona atapita, a Sakala anandiikira pepala patsogolo kuti ndisaine kuti Joisi ndi wa khalidwe loposa onse. Ndinati sindisaina. Anayamba ndi kunyengerera, kenako anandikumbutsa kuti ku George, komboni ya kutali, kukusowa aphunzitsi, ndipo iwo ali ndi anzawo ku ofesi ya maphunziro. Inu munali ang'onoang'ono, nyumba yathu inali ku Kanyama komweko, ndipo mabasi masiku amenewo anali osowa ngati saladi. Ndinadziwanso kuti kukana kwanga sikum'bwezera Misozi malo ake. Ndinaganiza za inu, ndinaganiza za a Nkhoma, dzanja langa n'kukana lokha. Ndinawauza kuti Joisi ndimamukonda, ndipo mwina ndine ndekha pa sukulupo amene ndinamutenga ngati mwana, koma bodza limenelo alembe okha. Anasaina iwo m'malo mwanga, ndipo mwezi usanathe kalata yondisamutsa inafika.

Tsiku limene Joisi ankapita ndinakawaperekeza ku siteshoni. Thiranki yatsopano imene azimayi a kumayadi anagula anaisenza pamutu ndi Misozi, kuchokera ku Kanyama mpaka m'tauni, chifukwa kunyumba kwawo katundu wolemera ankanyamula ndi iye. Joisi ankalira njira yonse. Pokwera basi anamugwira mkulu wake nati, "Ni malo yako aya, Misozi." Misozi anangomukonzera kolala ya yunifolomu, nati, "Ukaphunzile. Usakatukane masisitele."

George, 1999

Ku George ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Zaka zoyamba ndinkayenda wapansi, ndipo mawondo amene mumandiseka nawo lerowa ndinawatenga kumeneko. Za Joisi ndinkamva kuti anamaliza sukulu, anapeza ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo ankawathandiza amake mpaka tsiku lawo lomaliza. Sindimunenera choipa. Iye sanadzisankhe.

M'mawa wina chaka chitangoyamba, ndili ndi Giredi 1, kunalowa mayi atagwira kamtsikana pa dzanja. Anagwada pafupi ndi tebulo langa, ndipo asanalankhule ndinamuzindikira ndi kagwadidwe komweko. Anali Misozi. Anandiuza kuti anakwatiwa ku George, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, kuchapa ndi kulera ana a eni ake. Atamva kuti ndili pa sukuluyo anapempha kuti mwana wake, Taonga, akhale m'kalasi mwanga.

Ndinatembenukira kwa mwanayo. Amake ali chigwadire, iye anali chiimire, manja m'mbali, akundiyang'ana m'maso osaphethira. "Muli bwanji, Ba Ticha," anatero mokweza, n'kundipatsa dzanja. Ndinadzidzimuka. Mwana wa Misozi, wosagwada? Mawu odzudzula anali atafika kale pa lilime.

"Musamukalipile, Ba Ticha," anatero Misozi. "Namuphunzitsa dala. Kunyumba agwada, aziba ulemu onse. Koma namuuza ati ku sukulu na ku maofesi aziimilila, aziyangana munthu m'maso, olo amumenye."

Ndinati, "Koma mwanawe, iwe unali mwana waulemu kuposa onse amene ndinaphunzitsapo."

Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, Misozi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Ninagwada bwino maningi tsiku ija," anatero. "Munaliko."

Ndinauza Taonga kuti akakhale pa benchi ya kutsogolo. Amake anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kuthamangira basi, chifukwa dona wawo sankafuna wantchito wochedwa.